Kabelu ka Apongozi

Inu amene mumati mizimu ndi nkhani ya kumudzi kokha, kumene kulibe magetsi ndipo kadzidzi amalira pa denga, sendezani mipando kuno mumve zimene zinamuonekera Fatsani ku Japan. Dziko limenelo ndi la sitima zothamanga ndi nyale zosazima, koma akufa a kumeneko nawonso ali ndi miyendo.

Fatsani anali wa ku Mitundu, wojambula zithunzi. Ankapalasa njinga kamera ili m'khosi, lero ku chinkhoswe, mawa ku ubatizo, mkuja pa msika kujambula anyamata ovala majekete obwereka. Pa chipatala china cha kumeneko panabwera namwino wa ku Japan dzina lake Saori, amene anaphunzira Chichewa mpaka kumanenerera mtengo wa tomato osachita chibwibwi. Tsiku lina anapita kwa Fatsani kukajambulitsa chithunzi choti atumize kwawo. Chithunzicho chinachedwa kutuluka, Saori n'kumabwerera kudzafunsa, ndipo pamene chinkatuluka anthu anali atayamba kale kusonkha za ukwati. Anabereka mwana wamkazi, n'kumutcha Sungeni.

Mayi ake a Saori, a Fumie, ankaimba foni kawirikawiri kulonjeza kuti abwera kudzanyamula mdzukulu wawo. Chaka chilichonse ulendowo unkalephereka. Kenaka tsiku lina foni inalira, koma woimba sanali iwo. Saori anakafika kwawo maliro atatha kale, ndipo sipanapite nthawi banja lonse linasamukira komweko kuti likasamale bambo amene anatsala okha.

Mzindawo ndi Onomichi. Unamangidwa m'mbali mwa phiri loyang'ana kunyanja, ndipo njira zake zambiri ndi masitepe amiyala, opapatiza moti anthu awiri sangadutsane wina osapendekeka. Nyumba ya apongozi a Fatsani, a Moriwaki, inali chapakati pa phirilo: pansi situdiyo yojambulira, pamwamba pogona. Zokakhala kwa mkazi sizinamudabwitse Fatsani, poti kwawo nako mwamuna amapita chikamwini. Ankadziwanso kuti mkamwini asamakule mwendo. Ankasesa pakhomo, ankataya zinyalala, mkati mwa sabata ankapenta sitima zapamadzi kudoko, ndipo Loweruka ndi Lamulungu ankatenga kamera yake n'kumazungulira m'tinjira kujambula anthu ndi mabanja obwera ku akachisi.

Koma a Moriwaki sanamulandire. Sanamutukwane ayi, kumeneko mkwiyo sakuwa nawo, amangoukhalira chete. Mkuluyo anali wamfupi, wouma thupi, wa imvi mutu wonse, ndipo mumtima mwake anali atagamula kuti munthu wakuda uyu ndiye anachititsa kuti mkazi wawo afe mwana wake ali kutali. Fatsani akapereka moni, iwo ankayang'ana khoma. Sungeni akawabweretsera tiyi, ankalandira kapu osatchula dzina la mwanayo. Chimwalirire a Fumie situdiyo inali yotseka, ndipo kamera yaikulu ya miyendo itatu inaima pakati pa chipinda itafunditsidwa nsalu ngati wodwala.

Pa zenera la situdiyoyo panali zithunzi za ana onse a banjalo. Kumeneko kuli mwambo wakuti mwezi wa Novembala mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri amavala kimono, chovala chawo chachikhalidwe, amapita kukachisi kukathokoza kuti wakula, ndipo amajambulitsa. Chithunzi cha Saori chinalipo, cha azakhali ake chinalipo, cha asuweni ake chinalipo. Chaka chimenecho inali nthawi ya Sungeni, ndipo mwanayo tsiku lililonse pochokera kusukulu ankaima pa zeneralo n'kuloza pamene pakakhale chake.

"A bambo a Sungeni, ndawapempha mpaka ndatopa," anatero Saori tsiku lina akutsuka mbale. Awiriwa kunyumba ankalankhula Chichewa. "Akuti kamera inafa. Ine ndikukuuzani, akapanda kumujambula mwanayu ndikulongedza katundu. Sindingalere mwana m'nyumba imene agogo ake amamuona ngati mpando."

"Mayi a Sungeni, tadekhani. Tikachoka nanga iwowa atsala ndi ndani?"

"Atsala ndi kamera yawo yakufayo."

Fatsani anamudziwa mkazi wake kuti akanena wanena. Anadziwanso kuti akachoka, nkhalambayo idzafera yokha m'nyumbamo, Saori sadzadzikhululukira, ndipo Sungeni adzakula akudziwa kuti kwa amayi ake anakanidwa. Nkhaniyi inamusowetsa tulo.

Zachilendo zinayamba chakumayambiriro kwa mwezi wa Okutobala. Fatsani ankakwera masitepe opita kunyumba dzuwa litangolowa, chisisira chitagwa. Kumtunda anamva phokoso la nsapato zamatabwa zimene achikulire ena a kumeneko amavalabe. Kho... kho-kho. Kho... kho-kho. Woyendayo ankatsika pang'onopang'ono, mwendo wina akuchita kukoka. Fatsani anangoona chithunzithunzi kuti ndi mayi wachikulire, ndipo thupi lake linachita lokha zimene linaphunzira ku Mitundu. Mayi wa msinkhu wa apongozi supanikizana naye pa njira, ndipo sumuyang'ana kumaso. Anapatukira m'kakona ka mpanda, ananjuta, anawomba m'manja pang'ono, maso ali pansi.

Mapazi aja anafika pamene iye anali, n'kuima. Fatsani anaona masokosi oyera mbee, nsapato zamatabwa, ndi m'munsi mwa kimono yotuwa yokhala ndi zithunzi za atombolombo. Chapafupi ndi mpendero panali kachigamba kosokedwa mwaluso pamalo pamene panaoneka kuti panapsa. Kunamveka fungo la lubani losakanikirana ndi la zovala zokhalitsa m'bokosi. Anapereka moni m'Chijapani chake chopunduka, koma sanayankhidwe. Mapaziwo anaima nthawi yaitali kuposa mmene munthu wodutsa amaimira, kenaka anapitirira. Atadzutsa mutu masitepe anali mbee, kumtunda ndi kumunsi komwe. Sanadandaule, poti tinjira topatukira kumeneko n'tambiri. Chimene chinamudabwitsa pang'ono ndi mphaka amene anali pa mpanda, ubweya utaima, akuyang'anitsitsa pamalo popanda kanthu.

Mawa lake anakumana nawonso. Mkuja lakenso chimodzimodzi. Nthawi zonse pamalo omwewo, nthawi zonse chisisira, ndipo nthawi zonse mapaziwo ankaima patsogolo pake. Fatsani anafika powazolowera mayiwo, ndipo kunena zoona ankasangalala. M'mzinda umene anthu ankamulambalala ngati chithaphwi, panapezeka munthu mmodzi woima chifukwa cha iye.

Masiku omwewo ntchito yake yojambula inayamba kuyenda modabwitsa. Aliyense wojambula mabanja amadziwa kuti mdani wake wamkulu ndi mwana. Akulu ukawauza kuti amwetulire amamwetulira, koma mwana akafuna kulira amalira, ndipo ana a kumeneko akaona nkhope ya Fatsani ambiri ankabisala kuseri kwa amayi awo. Tsopano zinasintha. Mwana ankatha kufika akulira mamina ali chuchuchu, koma Fatsani akangoika diso pa kamera, mwanayo ankatonthola n'kuyamba kuseka. Makolo ankauzana, ntchito n'kumachuluka. Fatsani anafika mpaka podzitama kwa mkazi wake kuti dzanja la ku Mitundu layamba kudziwika.

Kudzitamako kunatha tsiku limene anakhala pa kompyuta kusankha zithunzi. Anayang'ana chimodzi, n'kuyang'ana china, n'kubwereranso ku choyamba chija. Akulu onse ankayang'ana kamera. Koma ana, onse popanda wotsala, ankayang'ana pamwamba pang'ono pa phewa lake lakumanzere. Khanda lina linali litatambasula kadzanja kulozera komweko, likuseka mkamwa mopanda mano. Panalinso mnyamata wina amene Fatsani anakumbukira bwino kuti kolala yake inali yopindika, moti anadandaula atadina kale. Pa chithunzi kolalayo inali yowongoka bwinobwino.

Fatsani anachita tsemwe. Anafuna kutembenukira kumanzere, koma khosi linakana. Anatseka kompyuta, n'kupita kukakhala kukhitchini kumene kunali anthu, ndipo sanauze aliyense.

Patapita masiku anapeza Sungeni ataima yekha m'kanjira ka m'nyumba, msana uli chilili, manja atawapinda patsogolo, chibwano chitakwezeka pang'ono ngati pali chala chimene chikuchitukula.

"Iwe Sungeni, ukutani pamenepo?"

"Akuti ndiziima chonchi, adadi. Akuti ndisamabise khosi."

"Akutero ndani?"

Mwanayo anayang'ana bambo ake ngati afunsa zopusa, anakweza mapewa, n'kuthamangira panja kukasewera. M'kanjiramo munatsala fungo la lubani.

Mawa lake pochokera kuntchito Fatsani anaganiza zodzera njira ina yozungulira. Anafika mpaka pamphambano, koma manyazi anamugwira. Mayi amene sanamulakwire kanthu, angamuthawe bwanji ngati ali ndi ngongole naye? Anakwera masitepe omwe aja, mtima ukugunda, ndipo atamva kho... kho-kho anapatuka n'kunjuta monga mwa masiku onse.

Koma maso a anthu ali paliponse. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba pakona ankamuona tsiku lililonse akunjuta n'kumawombera m'manja masitepe opanda munthu. Anauza mnzake, mnzakeyo anauza wometa tsitsi, ndipo nkhani ikafika kwa wometa ndiye kuti yafika mzinda wonse. Anthu anayamba kunong'onezana kuti mkamwini wa a Moriwaki mutu wake sukuyenda bwino.

Zonse zinaphulika madzulo oti mawa lake ndi tsiku la mwambo. Masutikesi a Saori anali atatsitsidwa kale pamwamba pa kabati. Sungeni anali atagona, kimono yake yofiira ili pakhoma. Mwadzidzidzi kunamveka mawu a a Moriwaki kuchokera pansi, akuitana mokalipa. Aka kanali koyamba kuti amuitane Fatsani.

Anatsika ndi Saori, kuti azimasulira pamene Chijapani cha mwamuna wake chathera. M'situdiyo nyale inali yoyaka. Nsalu imene inafunditsa kamera inali itachotsedwa n'kupindidwa bwinobwino pampando. Fumbi linali litapukutidwa. Patsogolo pa kamera panali kabenchi kakang'ono koimapo ana.

"Wagwira zinthu zanga ndani?" anafunsa a Moriwaki.

"Si ine, bambo."

"Nanga kabelu kali kuti?"

Fatsani ankakadziwa kabeluko. Kanali kamkuwa, kakang'ono ngati dzira la nkhunda, ndipo kankakhala pa kaguwa ka m'nyumba pafupi ndi chithunzi cha malemu, pamene nkhalambayo inkafukiza lubani m'mawa uliwonse. Saori anali atamuuzapo kuti zaka zonse bambo ake akamajambula, mayi ake ankaima kumanzere kwa kamera, kuwongola makolala a anthu ndi kuliza kabeluko kuti ana aseke. Atakumbukira mawu akuti kumanzere, Fatsani anaganiza za maso a ana a pa zithunzi zija.

"Sindinakakhudze, bambo. Ndikulumbira."

"Unanditengera mwana, mkazi wanga anafa akumuitana. Lero wanditengera kabelu. Ndiponso mzinda wonse ukundiseka kuti mkamwini wanga amagwadira mphepo pa masitepe!"

"Si mphepo, bambo. Ndimapatukira mayi wina wachikulire amene amatsika pamenepo madzulo."

"Mayi wake uti? Achikulire onse a phiri lino ndimawadziwa. Nkhope yake ndi yotani?"

"Sindinaionepo. Kwathu mayi wa msinkhu umenewo sitimuyang'ana kumaso."

A Moriwaki anaseka kuseka kowawa. "Bodza lake lomvetsa chisoni. Munthu ukumane naye mwezi wathunthu osamudziwa?"

"Mapazi ndiwo ndimawadziwa, bambo." Fatsani analankhula pang'onopang'ono, Saori akumuthandiza mawu. "Amavala nsapato zamatabwa ndi masokosi oyera. Kimono yawo ndi yotuwa, ya atombolombo. Kumpendero kwake, mbali ya kumanja, kuli kachigamba pamene panapsa. Ndipo amakoka mwendo wakumanzere."

Nkhalamba ija inafufuza mpando ndi dzanja ngati wakhungu, n'kukhala. Saori anali atagwira pakamwa, poti kimono ya atombolombo ankaidziwa kuyambira ali mwana.

"Koma amayi sankatsimphina," anatero Saori monong'ona.

"Ankatsimphina," anayankha bambo ake, maso ali pansi. "Chaka chomaliza anagwa, mwendo unafa. N'chifukwa chake ulendo wobwera kwanuko unalephereka. Anandiletsa kukuuza, ankati udzasiya banja lako n'kuthamangira kuno." Anatembenukira kwa Fatsani. "Pamene panapsapo ndinawotcha ndine, ndinagwetsa nyale ya m'situdiyo muno. Kimono imeneyo ndinaiika ndekha m'bokosi lake la maliro. Inapsa naye limodzi."

Paja kumeneko akufa amawatentha. Ndipo nthawi yomweyo, onse atatu anamva. Kho... kho-kho. Kho... kho-kho. Phokosolo linkachokera kumasitepe, likuyandikira mosafulumira. Linadutsa pa zenera la zithunzi, linafika pakhomo, n'kusiya.

Saori anagwira mkono wa mwamuna wake mpaka zikhadabo kulowa. A Moriwaki anauma pampando. Fatsani naye mantha anali atamufika m'mafupa, asakunamizeni munthu, koma panali chinthu china chimene chinamuvuta kuposa mantha. Kwawo mlendo saimikidwa pakhomo, nanji mwini nyumba. Anachotsa dzanja la mkazi wake, anapita kuchitseko, anachikankhira kumbali, n'kunjuta pambali pake maso ali pansi.

"Lowani, amayi," anatero m'Chichewa, poti Chijapani chonse chinali chitamuthawa.

Munalowa kamphepo kozizira, nyale n'kuphethira. Saori ndi bambo ake sanaone kanthu, koma fungo la lubani linadzaza chipinda chonse.

"Alipo?" anafunsa a Moriwaki ndi mawu osasa.

"Alipo, bambo."

"Akuoneka bwanji? Wakwiya nane? Tayang'ana nkhope yake, undiuze!"

Apa ndiye panali pa mayeso. Kungodzutsa mutu pang'ono, Fatsani akanaona chimene munthu wamoyo sanaonepo, ndipo akanamuyankha mkulu amene kwa nthawi yoyamba ankamupempha kanthu. Khosi linayamba kudzuka lokha. Koma analibweza.

"Pepani bambo, sindingathe. Ndi apongozi anga."

"Ndakupempha!"

"Chimene ndingakuuzeni ndi cha mapazi okha. Adutsa pamene mwakhalapo, anaima pang'ono. Tsopano apita pa kamera." Anapuma. "Aima kumanzere kwake, bambo. Akudikira."

Nkhalamba ija inayang'ana malo opanda kanthuwo nthawi yaitali. Kenaka nkhope youma ija inaphwanyika, misozi n'kuyamba kutsika m'makwinya. Inalankhula motsitsa mawu ochepa amene Saori sanamasulire, ndipo Fatsani sanafunse, chifukwa za anthu awiri okwatirana sizifuna womasulira. Pamene Fatsani anayang'ananso pansi paja, mapazi panalibe. A Moriwaki anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Mawa mukachoka kukachisi mubwere naye kuno," anatero. "Musamudyetse zonona, angadetse chovala."

Kutacha, Sungeni anavekedwa kimono yofiira ija, tsitsi lake lopotana litamangidwa ndi maluwa. Kukachisi anasangalala, koma atangolowa m'situdiyo n'kuona agogo ake, nkhope inagwa. Anakwera pa kabenchi kaja ataumitsa thupi, milomo italumana, misozi ili pafupi. Mwana amadziwa amene samufuna, ndipo usiku umodzi sungafafanize zimenezo. Saori anayesa kumuseketsa, Fatsani anayesa kuvina, koma sizinathandize.

A Moriwaki analowetsa mutu m'nsalu yakuda ya kamera. Dzanja lawo linagwira chingwe chodinira. Anakhala momwemo nthawi yaitali, moti Saori anayang'ana mwamuna wake mwamantha kuti mwina mkuluyo wasintha maganizo. Kenaka m'nsalumo munatuluka mawu, mwachizolowezi cha zaka zambiri, mmene ankanenera nthawi zonse akakonzeka:

"Fumie."

Ngli-ngli-ngli.

Kabelu kaja kanalira kumanzere kwa kamera, m'mwamba pang'ono, pamene panalibe dzanja la munthu. Sungeni anatembenuzira maso komweko, chibwano chinakwezeka, ndipo anaseka kuseka kwa mwana amene waona munthu womudziwa. Kamera inalira.

Nkhalamba inatulutsa mutu m'nsalu, inayenda mpaka pa kabenchi, n'kuwongola duwa limene linali kale lowongoka m'tsitsi la mwanayo. "Su-n-ge-ni," inatero, ikulitchula dzinalo mosamala ngati yanyamula mazira. "Waima bwino." Saori anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

Kenaka a Moriwaki ananena kuti pajambulidwe china cha banja lonse. Analumikiza chingwe chachitali kuti adine ali pamzere. Anaimika Sungeni patsogolo, Saori mbali iyi, iwo pakati, ndipo anamukoka Fatsani ndi dzanja lawo kumuimika mbali inayo. Koma pakati pa iwo ndi Fatsani anasiya mpata wokwana munthu mmodzi, ndipo palibe amene anafunsa chifukwa chake. Anawerenga kuti onse akonzeke. Atatsala pang'ono kudina, Fatsani anamva pambali pake penipeni: kho... kho-kho. Thupi la ku Mitundu silinadikire kuuzidwa. Ananjuta, mutu pansi, manja pamodzi, ndipo nthawi yomweyo kamera inalira.

Fatsani anapepesa kuti waononga chithunzi, napempha kuti ajambulenso. A Moriwaki anakana.

Mukadzafika ku Onomichi n'kukwera masitepe amenewo, mudzaona zithunzi ziwiri zatsopano pa zenera lija. China ndi cha mtsikana wa kimono yofiira akusekera chinthu chimene chili kunja kwa chithunzi. Chinacho ndi cha banja: mwana, mayi, nkhalamba, mpata, ndi mwamuna wakuda wonjuta amene nkhope yake sioneka. Mumpatamo mulibe kanthu, ngakhale ena amati ukayang'anitsitsa pansi pake pamaoneka mbuu. Chimene aliyense amaona ndi dzanja la nkhalambayo, limene linadutsa kuseri kwa mpatawo n'kukagwira phewa la mkamwini. Odutsa akafunsa kuti bwanji munthuyo sanaime, a Moriwaki amayankha monyadira kuti ndi mwana wawo, ndipo kwawo anaphunzitsidwa ulemu.

Masutikesi anabwerera pamwamba pa kabati. Situdiyo inatsegulidwanso, mkulu ali pa kamera, mkamwini akuwongola makolala. Mayi wa ndiwo zamasamba uja, amene anafalitsa za misala, ndi yemwenso anayamba kufalitsa kuti a Fumie anakhala akutsika masitepe amenewo chimwalirire, anthu n'kumangowadutsa, mpaka panapezeka mlendo wowapatsa njira. Kaya ndi zoona kaya ndi zokometsera, ine sindinganene.

Kabelu kaja Fatsani anakapeza Loweruka lotsatira m'chikwama cha kamera yake, katakulungidwa m'kansalu kotuwa. Anapita nako kwa a Moriwaki kuti akabwezere pa guwa, koma mkuluyo anapinda zala za Fatsani pa kabeluko n'kumukankhira dzanja pachifuwa. Kuyambira tsiku limenelo nsapato zamatabwa zija sizinamvekenso. Ana odzajambulidwa anayambiranso kulira ngati ana ena onse, mpaka Fatsani atakweza dzanja lamanzere n'kuliza kabeluko yekha.

Mantha anatha, koma chimene chinatsala ndi kusowa. Fatsani ankawasowa mayi amene sanawaonepo maso ndi maso, amene anamulandira pamene amoyo ankamuyang'ana kumbali, namupezera mwana wake malo pa zenera. Mpaka lero akamakwera masitepe aja chisisira, akafika pa kakona kaja amapatuka, amanjuta, n'kuwomba m'manja pang'ono. Sipadutsa munthu. Iye amadikirabe nthawi yokwana kuti mayi wokoka mwendo adutse mosafulumira, kenaka amanena motsitsa, "Zikomo, apongozi," n'kudzuka kupita kunyumba kumene tsopano amamudikira pa chakudya.